Tsiku Lachitatu la Basil

Nyanja inatenga Basil Lolemba m'mawa, ndipo amene anaona ndi munthu mmodzi yekha. Sikuti Basil anali mlendo wa madzi ayi. Anabadwira pa gombe la Msinjiri, kutsidya la kum'mawa kupitirira Malindi, ndipo kusambira anakudziwa asanayambe kuvala kabudula. Tsikulo iye ndi mnzake wa zaka zambiri, Che Atumani, anapita kutali kukavuula matchera, maukonde amene anatchera usiku. Mwera unangodzuka monga umachitira m'mwezi wa Juni, funde limodzi n'kugadabuza bwato. Che Atumani anakakamira bwatolo mpaka asodzi ena anawatola masana. Basil anatulutsa mkono kamodzi, osaonekanso.

Pa Msinjiri pali lamulo limene silinalembedwe m'buku lililonse. Nyanja ikatenga munthu, ukonde sulowa m'madzi mpaka munthuyo atapezeka. Mkhristu kaya Msilamu, aliyense wokhala ndi bwato amatuluka kukafunafuna. Bwato limene laphetsa munthu lokha ndi limene amalikokera pambali, m'bango, n'kulivundikira, ndipo palibe wolikhudza kufikira mwini wake atagona m'manda. Anafuna Lolemba, anafuna Lachiwiri, osapeza kanthu. Koma sanataye mtima, chifukwa ngakhale mwana wa kunyanja amadziwa kuti womira amayandama tsiku lachitatu. Ukaliphonya tsiku limenelo, madzi amamutenga kulowera ku Shire, kapena ng'ona zimakuyambirira, ndipo sudzamuonanso.

Mkazi wa Basil anali Enid, mayi wa mwana mmodzi, Hana. Bambo ake a Enid analibe mwana wamwamuna, choncho pa utsikana wake ndiye ankawapalasira bwato, anthu n'kumaseka kuti mtsikana wa mapewa otere adzamukwatira ndani. Basil anamukwatira, ndipo sanamvekepo akudandaula.

Lachiwiri masana, anthu ali khale pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa Enid, anafika a Simioni, tcheyamani wa nthambi ya chipani. Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene munthu unkayamba wacheuka usanatsokomole. A Simioni anakula ndi Basil, ndipo ankayimba limodzi kwaya ya kutchalitchi. Koma chivalireni baji pachifuwa khosi lawo linauma, moti akafuna kucheuka ankatembenuka thupi lonse. Kumbuyo kwawo kunali ayufi anayi, anyamata a malaya ofiira amene ankagwira ntchito ya manja m'malo mwa chipani, atasenza mitolo ya nkhafi zopalasira bwato ngati nkhuni.

"Amake Hana, pepani ndi zagwazi," anatero a Simioni, ali chiimire. "Koma mwamva kuti mawa kukubwera anduna kudzatsekulira shedi ya nsomba pagombe. Mabwato onse akandanda pamenepo. Nkhafi tazitolera kuti tizipake penti ya mitundu ya chipani, ndipo anduna akamafika amuna adzazikweza m'mwamba. Mawa palibe bwato lopita pakati pa nyanja."

"A Tcheyamani," anatero Enid, "mawa ndi tsiku lachitatu."

"Masiku ndimadziwa kuwerenga."

"Ndiye mukudziwa kuti bambo a Hana ayandama mawa."

"Ngati anamiradi."

A Simioni anakonza baji yawo, n'kupitiriza motsitsa mawu, koma mokwanira kuti aliyense amve.

"Mtembo wauona ndani? Mboni ndi imodzi, mnzake wa ponda apa nane m'pondepo. Ena amati amira, pamene ali phee kuseri kwa phiri uko akuphunzira kugwira mfuti. Ine sindikuti zili choncho. Koma akandifunsa ku Boma ndikayankha chiyani? Munthu wopanda mtembo ine sindingamunene kuti wafa."

Mawu amenewo sanali ocheza. Zaka zingapo m'mbuyomo amuna ena a kumapiri kuno anaukira boma, ndipo kuyambira pamenepo mwamuna akangosowa m'mudzi ankatchedwa chigawenga. Banja la chigawenga linkaona zakuda. Enid anali atadzionera yekha nyumba ina ikuyaka masanasana, mkazi ndi ana ataima poteropo ndi mphika umodzi. Choncho anamva bwino lomwe zimene a Simioni ankanena: mtembo ukapanda kupezeka, Basil sadzakhala ndi manda, ndipo Hana adzakula ndi dzina la mwana wa chigawenga.

Amuna amene dzulo lake ankalumbira kuti sapuma mpaka Basil atapezeka, anapereka nkhafi zawo ndi manja awiri. Wina mpaka anathamangira kunyumba kukatenga yachiwiri imene ayufi sanaione. Tisawaseke kwambiri, nawonso anali ndi ana ndi madenga a udzu. Koma kunena zoona, tsiku limenelo amuna a pa Msinjiri anachita zochititsa manyazi.

A Simioni atachoka, anabwera a Andreya, mkulu wake wa Basil, munthu wofatsa wosafuna milandu. Anali atasenza thunthu la nthochi lotalika ngati munthu, n'kulitsitsa pakhonde.

"Alamu, tiyeni titsate za makolo," anatero mosayang'ana Enid kumaso. "Munthu akasowa m'madzi timaika thunthu la nthochi m'malo mwake. Tidikire anduna apite, Lachinayi tikaike mwakachetechete, ansembe atipempherere. Mutu ukakula sulewa nkhonya, alamu, koma nkhonya iyi ndi yopha. Ganizirani mwana."

"Mwana ndi amene ndikumuganizira," anayankha Enid. "Tikaika nthochi, a Simioni akanena kuti taika nthochi. Ndipo ine, alamu, sindinakwatiwe ndi nthochi. Ndinakwatiwa ndi mng'ono wanu, m'tchalitchi, inu muli pomwepo mutavala jekete yobwereka."

A Andreya anapukusa mutu n'kumapita. Thunthu lija analisiya pakhondepo.

Lachitatu kutacha, Enid anapititsa Hana kwa azakhali ake. Analowa m'nyumba, n'kukanganula mathabwa awiri a pa bedi limene Basil anakhoma ndi manja ake. Anawasema ndi chikwanje, kogwirira kuchepetsa, kumunsi kusiya kotambalala. Sizinali nkhafi zoti n'kuonetsa anthu, koma madzi safunsa amene wasema. Anazikulunga mu mphasa, thunthu la nthochi pamutu, ulendo kwa Che Atumani.

Anawapeza atakhala pakhonde, tasibihi, mikanda yopempherera, ili m'manja, maso ofiira. Chichitikireni ngoziyo sankadya. Akazi awo, Abiti Mwanamvua, anali atatengedwa kale ndi amayi a chipani kukayeserera gule wolandirira anduna.

"Che Atumani, inu nokha ndi amene mukudziwa pamene anamirira. Tiyeni."

"Make Hana, tipita pa chiyani? Mabwato onse ali pamzere, ayufi akulondera."

"Limodzi sanaliwerenge."

Che Atumani anamuyang'ana nthawi yaitali asanamvetse. Atamvetsa anadzidzimuka.

"Bwato la m'bango? Astaghafiru! Limene lija silikhudzidwa mpaka mwini wake ataikidwa. Mukufuna nyanja ititenge tonse?"

"Mwini wake aikidwa bwanji tikapanda kukamutenga? Lamulo lija anaikira kulemekeza womira, osati kumutaya. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, Che Atumani. Mukakana ndipita ndekha, ndizikazungulira nyanja yonse ngati wamisala, inu muli pano kuwerenga mikanda."

Mawuwo anawalasa. Anapachika tasibihi pa msomali, n'kutenga chingwe cha matchera.

A Simioni anali mwana wa pa Msinjiri ngati wina aliyense, ndipo pamenepo ndi pamene anaphonyera. Anawerenga mabwato onse, anatolera nkhafi zonse, koma m'mutu mwawo simunabwere n'komwe ganizo lakuti munthu wobadwira pagombe angavundukule bwato la imfa. Sanaikeko ngakhale mlonda mmodzi. Enid ndi Che Atumani analitembenuza, analikankhira m'madzi kuseri kwa bango, ndipo pamene ayufi ankakangana za kapachikidwe ka mbendera, awiriwo anali atatalikira.

Nyanja inali bata, koma mathabwa a bedi si nkhafi. Ankalemera, ankapotoka m'madzi, ndipo asanafike theka la ulendo manja a Enid anali atatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika. Sanapume. Mapewa aja amene anthu ankawaseka anakumbukira ntchito yawo. Che Atumani anali kumbuyo, akuwongola, maso ali ku mapiri. Anayang'ana mtengo wa mlambe wa pagombe mpaka unalunjikana ndi mpata wa phiri, anayang'ananso thanthwe loyera la kumpoto, kenaka anati, "Ndi pano."

Anaponya thunthu la nthochi m'madzi.

"Tisapalase kaye," anatero. "Mphepo imakankha pamwamba, koma madzi ali ndi njira zawozawo. Thunthuli limayandama ngati munthu, theka m'madzi theka kunja. Kumene lilowere ndi kumene walowera mnzanga."

Anadikira. Dzuwa linakwera, likuwotcha pakhosi. Thunthu linazungulira kawiri ngati losadziwa kopita, kenaka linayamba kuyenda pang'onopang'ono, osati kulowera kumtunda monga mphepo inkafunira, koma kumwera, kumene nyanja imathira mu Shire. Che Atumani anaika chizindikiro pa phiri lina la kutsogolo, ndipo anapalasa motsata mzere umenewo, kulisiya thunthu m'mbuyo. Enid ankayang'ana kumanja, iwo kumanzere. Kawiri konse anathamangira chinthu chakuda, n'kupeza ndi chitsa. Mantha anayamba kumugwira Enid, mantha akuti achedwa, akuti wathyola mwambo ndi lamulo la chipani pachabe.

Dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo, anaona chinthu china chikukwera ndi kutsika ndi mafunde. Sanafuule. Anangoloza ndi thabwa lija.

Basil anali chafufumimba, manja atatambasula. Enid anamudziwa ndi msana, msana umene anautsuka zaka khumi ndi ziwiri. Chisoni chinamugwira, koma pansi pa chisonicho panali mkwiyo, ndipo mkwiyowo ndi umene unamupatsa mphamvu yogwira chingwe. Che Atumani ananong'ona duwa, pemphero lachisilamu, Enid anachita chizindikiro cha mtanda, ndipo anamumanga m'khwapa. Womira samukweza m'bwato. Amamukoka pambuyo, pang'onopang'ono, mpaka pa gombe limene ananyamukira.

Ulendo wobwerera unali wautali, pakuti mwera unali utayamba kudzuka. Atayandikira, mphepo inawabweretsera kulira kwa ng'oma ndi nthungululu. Mbendera zinkaoneka, ndi denga la malata la shedi yatsopano likunyezimira, ndi mabwato makumi atatu atandanda m'madzi osaya, amuna ataimirira m'menemo ndi nkhafi zopakidwa penti. Anduna anali atafika.

"Make Hana," anatero Che Atumani, "tikocheze m'bango momwe tinachokera. Timubise pamthunzi, anthuwa akabalalika timutulutse. Tamupeza, basi. Tisaputenso njuchi."

"Lolemba munanyamukira m'bango?"

"Iyayi, koma..."

"Munanyamukira pagombe, pamaso pa anthu. Abwerera pagombe, pamaso pa anthu. Tikamubisa, mawa a Simioni anena kuti tatola mtembo wa munthu wina. Ngati mukuopa, tsikani musambire. Sindikuyesani mlandu."

Che Atumani sanatsike. Anawongolera bwato pakati penipeni pa mzere uja.

Amene anayamba kuwaona anali amuna a m'mabwato. Anaona bwato la imfa likubwera, mkazi ali kutsogolo akupalasa ndi thabwa, chingwe chili kunjenjemera pambuyo. Palibe anafunsa chimene chinali ku chingwecho. Nkhafi zopakidwa penti zinatsika imodzi imodzi. Mabwato awiri a pakati anapatuka okha, n'kusiya njira. Woyimba ng'oma wamkulu anaphonya kamodzi, anaphonyanso, kenaka anaika manja pa chikumba. Nyimbo ya amayi inafera pakamwa.

"Imbani!" anakuwa a Simioni, akuthamanga kuchoka pa tebulo la alendo. "Ndani wakuuzani kuti muleke? Aliyense akhale pamalo pake! Amake Hana, bwererani kumene mwachokera!"

Enid anatsika m'madzi ofika m'chiuno, n'kuyamba kukoka chingwe yekha. Womira sagunda mchenga ali wosafunda, ndipo amene amamulandira ndi abale ake aamuna. Aliyense pagombepo ankadziwa zimenezo, ndipo aliyense anaima ngati wakhomedwa. Kenaka kunamveka phava! A Andreya, munthu wosafuna milandu uja, anali atataya nkhafi yawo n'kudumphira m'madzi. Amuna ena atatu anawatsatira. Pakati pa ovina panatuluka Abiti Mwanamvua, akumasula chitenje chatsopano chimene anapatsidwa kuti avinire anduna. Analowa nacho m'madzi n'kumufunditsa Basil kuyambira kumutu. Atatero m'pamene anamunyamula n'kumugoneka pamchenga, mapazi ochepa kuchokera pa tebulo lokhala ndi maluwa ndi mabotolo a zakumwa.

Anduna anaimirira. Anali munthu wamkulu thupi, wa suti yakuda, ndipo nkhope yawo sinkaonetsa ngati akwiya kapena adabwa.

"Tcheyamani, n'chiyani chimenechi? Ndani ameneyu?"

A Simioni anayandikira mtembowo. Akanati ndi Basil, ndiye kuti avomera pamaso pa anduna kuti analetsa mudzi kufunafuna munthu wake, ndiponso kuti anamunamizira. Anawerama, anakweza nsonga ya chitenje, anaibweza msanga. Masiku atatu m'madzi sasiya nkhope ya munthu monga inalili.

"Bwana, sakudziwika. Nkhope yawonongeka. Mwina ndi wa tsidya lina, madzi angomubweretsa. Mayiyu mutu wake sukuyenda bwino, mwamuna wake anasowa m'njira yosadziwika."

Enid anasendera pafupi. Anagwada pambali pa mtembo, anapisa dzanja pansi pa chitenje, m'chiuno mwa kabudula, n'kumasula kachingwe kamene kanali pamenepo. Anatulutsa kachitini ka fodya kokulungidwa ndi mphira ya tchubu cha njinga, mmene asodzi amasungira machesi kuti asanyowe. Zala zake zotupa zinavutika kumasula mphirayo, ndipo gombe lonse linamudikira. M'kachitinimo munali machesi, fodya pang'ono, ndi kapepala kopindidwa kanayi, kouma bwinobwino. Linali khadi la chipani. Masiku amenewo wopanda khadi sankaloledwa kukankha bwato, choncho Basil ankapita nalo ngakhale pakati pa nyanja.

Anaimirira, n'kulipereka kwa a Simioni ndi manja awiri, mwaulemu wonse.

"A Tcheyamani, ine mutu wanga sukuyenda bwino. Tiwerengereni inuyo. Munalemba ndinu."

A Simioni anayang'ana khadilo. Zilembo zinali zawo, siginecha inali yawo. Anayang'ana anduna, ndipo anduna ankayembekeza.

"Basil," anatero chapansipansi.

"Kwezani mawu. Amayi ake ali kumbuyo uko, makutu awo ndi okalamba," anatero Enid.

"Basil!" Mawu awo anasweka pakati. "Ndi Basil wa pa Msinjiri."

"Ali kuseri kwa phiri?"

A Simioni anangotembenuza khadilo m'manja.

"Ndafunsa, a Tcheyamani. Mwana wanga akadzakula adzandifunsa, ndiye ndikufuna ndidzamuuze zimene munanena pamaso pa anthu onsewa. Bambo ake ali kuseri kwa phiri?"

"Iyayi. Anamira."

Kumbuyo kwa khamu, mayi wokalamba anayamba kulira, ndipo kulirako kunafalikira gombe lonse. Amayi ovala zitenje za gule anakhala pansi pamchenga momwemo, akubuma maliro. Anduna anavula chipewa, ananong'oneza kanthu kwa mlembi wawo, n'kulunjika ku galimoto osadula n'komwe kansalu ka pakhomo la shedi. Mlembiyo anatsala, akulemba m'kabuku, maso ali pa Enid.

Amuna atayamba kukonza mphasa yonyamulira, mkulu wa ayufi anafika pamene Enid anaima. Anali mnyamata wa mudzi womwewo, ndipo sankatha kumuyang'ana m'maso.

"Mayi, akuti mukufunika ku Boma. Inu ndi Che Atumani. Galimoto ya polisi ibwera."

"Ndamva," anatero Enid. "Che Atumani ndinachita kuwakakamiza, zimenezo mukanene. Ine mundipeza kumanda mawa m'mawa. Ndikathira dothi, munditenge. Lero ndili ndi maliro a mwamuna wanga."

Anamudutsa mnyamatayo, n'kukagwira mphasa chakumutu.